Mmene mungayendere laibulale yaikulu yakale ya mumzinda, osangojambula n'kutuluka

Pafupifupi mzinda uliwonse waukulu uli ndi nyumba imodzi yomwe alendo amangoidutsa osadziwa kuti akanatha kulowamo ulele n'kukhalamo tsiku lonse popanda wowafunsa kuti mwadzatani. Ndikunena laibulale yaikulu ya mzindawo, ija yakalekale yamiyala, yamasitepe ndi zipilala kutsogolo. Ambiri akaiona amayesa ndi khoti kapena ofesi ya boma nde amangoima panja kujambulitsa basi ulendo. Ena amalowa ndithu koma mphindi khumi zokha, foni m'mwamba kujambula denga, kenako atuluka osagwirako olo buku limodzi. Ine zimenezi zimandiwawa, chifukwa nyumba imeneyo anaimangira munthu woti akhale pansi awerenge, ndipo munthu ameneyo ndinu, kaya ndinu wa mumzindamo kaya mwangobwera masiku awiri. Nde ndati ndikuuzeni mmene mungachitire kuyambira musananyamuke mpaka potuluka.

Choyamba, musananyamuke tsegulani webusaiti yawo. Musadalire maola omwe foni ikuonetsa pamapu, pitani patsamba lawo lenileni muone masiku ndi nthawi yotsegula, chifukwa ambiri Lamulungu amatseka kapena amatsegula masana okha, ndipo maholide a dziko limenelo inu mlendo simungawadziwe onse. Chinanso nyumba zakalezi zimadwala, amazitseka pafupipafupi kuti azikonze ndipo akatseka si za sabata imodzi ayi. Manchester Central Library ku England anaitseka mu 2010 n'kudzatsegula mu 2014. Ku New York Public Library chipinda chowerengera chotchuka chotchedwa Rose Main Reading Room chinatsekedwa mu 2014 chidutswa cha zokongoletsa kudenga chitagwa usiku, mpaka anadzatsegula mu 2016. Taganizani munthu wayenda ulendo wonsewo n'kukapeza chitseko chotseka.

Pomwepo onetsetsani kuti nyumba yomwe mukufunayo ikadali laibulale. Mizinda ina inasamutsa mabuku kupita kunyumba yatsopano, yakaleyo n'kuisandutsa zina. Ku Chicago laibulale yakale ya mu 1897, ija ili ndi denga lozungulira la magalasi a Tiffany, pano ndi Chicago Cultural Center, mabuku ali ku Harold Washington Library yomwe inatsegulidwa mu 1991. Zonse ziwiri ndi zoyenera kuziona koma mudziwiretu kuti mukupita kuti. Muonenso ngati ali ndi anthu oyendetsa alendo, malo ambiri amakuzungulitsani ulele pafupifupi ola limodzi koma malo amakhala ochepa nde ena amafuna mulembetseretu pa intaneti.

Chachiwiri ndi zonyamula, ndipo apa lamulo ndi lakuti zichepe. Kachikwama kakang'ono basi, chikwama chachikulu kapena sutikesi akubwezani kapena akuuzani mukasiye kosungira katundu. Tengani chitupa chokhala ndi chithunzi chanu, ngati muli kunja kwa dziko lanu pasipoti, chifukwa kulowa sikufuna chitupa koma kuitanitsa buku kumafuna. Pensulo, osati bolopeni yokha, ndifotokoza chifukwa chake kutsogoloku. Kakope kolembamo, chaja ya foni, ndi juzi olo kunja kukutentha bwanji chifukwa mkati amazizilitsa dala kuti mapepala asaonongeke ndipo mukakhala duu maola awiri muyamba kunjenjemera. Nsapato valani zosagogoda. Pansi pamakhala pa mwala wa mabo, nsapato ya chidendene cholimba imamveka chipinda chonse ndipo mitu yonse idzatembenukira kwa inu. Idyeranitu, chakudya m'zipinda zowerengera sichiloledwa.

Nthawi yabwino ndi m'mawa pakati pa sabata, akangotsegula. Mipando ikadali yambiri, kuwala kukulowa bwino pamazenera, ogwira ntchito sanatope. Nyengo ya mayeso ana asukulu amadzaza mipando yonse isanakwane 11 koloko.

Mukafika musathamangire kulowa. Wolokani msewu muime tsidya linalo muiyang'ane kaye nyumbayo yonse, muwerenge zomwe analemba pakhoma, chifukwa omanga aja ankalankhula ndi munthu wodutsa mumsewu kudzera pamiyalayo. Ku Boston, nyumba yomwe anajambula pulani yake Charles Follen McKim n'kutsegulidwa mu 1895 pa Copley Square, pamwamba pa khomo anasema mawu atatu okha, Free to All, kutanthauza kuti ndi yaulele kwa wina aliyense, ndipo m'makoma ake anasemamo mayina ambirimbiri a olemba, oimba ndi asayansi. Ku New York pa Fifth Avenue pali mikango iwiri yamwala yomwe yakhala pakhomopo kuyambira 1911, meya Fiorello La Guardia ndi amene anaipatsa mayina oti Patience ndi Fortitude m'zaka za m'ma 1930 nthawi ya mavuto azachuma, kunena kuti anthu a mumzindawo afunika kudekha ndi kulimba mtima kuti apulumuke. Malo omwe pali nyumbayo kale panali thanki yaikulu yosungira madzi a mzinda wonse. Fufuzaninso mwala wa maziko, umakhala pakona kapena pambali pa khomo, pali chaka ndi dzina la amene anauika. M'mayiko olankhula Chingelezi dzina lomwe mudzakumane nalo kawirikawiri ndi la Andrew Carnegie, yemwe anabadwira m'banja losauka ku Dunfermline ku Scotland, n'kudzalemera ndi zitsulo ku America, ndalama zake zinamanga malaibulale 2,509 pakati pa 1883 ndi 1929. Iye ankapereka ya nyumba koma mzinda umayenera kupereka malo ndi kulonjeza kuti uziyendetsa ndi ndalama za misonkho, ndipo aliyense azilowa osalipira. Mukadziwa zimenezi masitepe aja simuwaopanso.

Tsopano lowani. Pakhomo pamakhala mlonda, mwina akuuzani mutsegule chikwama, ndipo potuluka adzayang'ananso, musakhumudwe amatero ndi aliyense. Mukangodutsa pitani pa desiki yofunsira, ngakhale mukuona ngati simukufuna thandizo. Perekani moni, nenani kuti ndi koyamba kubwera, pemphani mapu a nyumbayo, kenako funsani mafunso atatu awa: ndi zipinda ziti zomwe ndingalowe lero, kujambula kukuloledwa pati, ndipo nditani kuti ndiitanitse buku. Funso lachitatulo ndi limene limasintha nkhope ya wa pa desikiyo, chifukwa tsiku lonse amakhala akulozera anthu kuchimbudzi ndi kuchipinda chojambulitsira, nde akamva munthu akufuna buku amadzuka pampando. Anthu amenewa anaphunzira ntchito yofufuza, ndipo funso lanu kwa iwo si chosokoneza, ndiyo ntchito yomwe anabwerera m'mawa.

Pokwera, ngati miyendo ikulola, siyani lifiti mukwere masitepe. Si zolimbitsa thupi ayi, nyumba zambiri zakale anazipanga kuti chipinda chowerengera chikhale pamwamba, kutali ndi phokoso la mumsewu komanso kufupi ndi kuwala, nde masitepewo anawakonza kuti azikukonzekeretsani pang'onopang'ono, kuchoka pamalo amdimako kupita powala. Ku Boston mukukwera mukudutsa pakati pa mikango ina iwiri yamwala, m'makoma muli zojambula za Puvis de Chavannes wa ku France, ndipo mukafika pamwamba penipeni pali holo yonse yomwe John Singer Sargent anaijambula kwa zaka pafupifupi 30. Ku Los Angeles, nyumba ya mu 1926, pali chipinda chozungulira chokhala ndi zithunzi zazikulu za Dean Cornwell zosonyeza mbiri ya California ndi nyali yopangidwa ngati dziko lapansi ikulendewera pakati. Yendani pang'onopang'ono, muziima, muziyang'ana kumwamba komanso pansi, zitseko, zogwirira, mawotchi, mipando. Pamasitepe amwala muona pakati pakumbika pang'ono, amenewo ndi mapazi a anthu a zaka zoposa 100. Amene akuyenda pa njinga ya olumala kapena ali ndi mwana wamng'ono afunse khomo lopanda masitepe, kawirikawiri limakhala cham'mbali.

Kenako mufika pamtima penipeni pa nyumbayo, chipinda chachikulu chowerengera. Apa ndi pomwe ndikufuna tichedwepo. Musanatsegule chitseko zimitsani kulira kwa foni, osati kungochepetsa, chifukwa foni yonjenjemera pa tebulo lathabwa imamveka kutali. Mukalowa mudzafuna kuima pakhomo kukamwa kuli yasa, n'zomveka, cha ku New York chija ndi chotalika pafupifupi mamita 90, mulifupi 24, denga lili mamita pafupifupi 16 m'mwamba ndipo anajambulapo mitambo ngati mukuona kumwamba kwenikweni. Bates Hall ya ku Boston ili ndi denga lokhota ndi mizere ya nyali zobiriwira patebulo lililonse. Koma musaime pakhomo nthawi yaitali, ena akufuna kudutsa, ndipo kumbukirani kuti anthu omwe akhala pamenepo si zokongoletsa za chithunzi chanu, wina akulemba mayeso mawa, wina akulemba kalata yofunsira ntchito, wina akufufuza dzina la agogo ake. Ngati kujambula n'kololedwa jambulani denga ndi makoma, fulashi ayi, nkhope za anthu ayi. Malo ena ongofuna kuona amawaikira nthawi yawoyawo kapena kamalo kawo kumbuyo kwa chingwe, owerenga okha ndi amene amadutsa. Nde njira yabwino yoonera chipinda chimenechi ndi kukhala wowerenga, sankhani mpando, kokani pang'onopang'ono osaukhukhuluza, khalani.

Mphindi zisanu zoyambirira musachite kalikonse. Mvetserani. Muona kuti chete wa mulaibulale si chete weniweni, muli mapepala akutembenuzidwa, wina akutsokomola, mpando ukulira, ndipo zonsezi denga limazitenga n'kuzisandutsa kaphokoso kofewa kokhazika mtima pansi. Ku Manchester chipindacho ndi chozungulira, nyumbayo anatengera kamangidwe ka Pantheon, kachisi wakale wozungulira wa ku Rome, ndipo inatsegulidwa mu 1934, nde mawu amazungulira modabwitsa, kunong'ona kwa munthu wa kutali kumatha kumveka ngati ali pakhutu panu. Choncho zachinsinsi musanenere momwemo. Kuzungulira denga lakelo analembapo mavesi a pa Miyambo chaputala 4 onena za kufunafuna nzeru.

Tsopano chinthu chomwe ndimalimbikitsa aliyense, itanitsani buku. Olo limodzi. Apa pali kusiyana komwe kumasokoneza alendo ambiri, amalowa n'kumafunsa kuti nanga mabuku ali kuti, poti m'makoma akuoneka ochepa. Malaibulale akale ambiri mabuku amasungidwa kobisika komwe owerenga salowako, inu mumangopempha iwo n'kukakutengerani. Ku New York mamiliyoni a mabuku ali pansi pa nthaka, kunsi kwa Bryant Park komwe anthu amakhala pa kapinga osadziwa kuti akhalira mashelefu, ndipo kuyambira 2016 mabuku amakwera ndi tingolo tofiira 24 toyenda pa kanjanji mpaka kuchipinda chowerengera. Mabuku a m'nyumba imeneyo sabwereka kupita nawo kunyumba, obwereka ali kunyumba ina tsidya la msewu. Malo ena ngati ku Stockholm, nyumba ya Gunnar Asplund ya mu 1928, anaipanga dala kuti mashelefu akhale poyera kuzungulira khoma lonse munthu azidzitengera yekha.

Kachitidwe kake n'kosavuta. Pitani pa kompyuta ya katalogi, kapena gwiritsani foni yanu pa wifi yawo, lembani dzina la wolemba kapena mutu wa nkhani. Musanapite ganiziranitu chomwe mukufuna, ine ndimakonda kulemba dzina la chilankhulo changa kapena la dera lomwe makolo anga anachokera kuti ndione kuti anthu a kutali chonchi anasunga chiyani za ife, ndipo zomwe zimatuluka nthawi zina zimakusiya uli phee, dikishonale yakale, mapu, buku la nthano lomwe sunalionepo. Mukapeza, koperani nambala ya bukulo yonse osasiya kadontho kapena chilembo, chifukwa nambala imeneyo ndiyo adilesi yake. Malaibulale ambiri a anthu wamba amatsata ndondomeko ya Melvil Dewey ya mu 1876 yomwe imagawa nzeru zonse m'magulu khumi, za chipembedzo zili mu 200, zilankhulo 400, sayansi 500, luso 700, zolembalemba 800, mbiri ndi malo 900. Zilankhulo za mu Africa zambiri zili pa 496, zolemba zake pa 896, mbiri ya Africa pa 960. Mukaona nambala yoyamba ndi zilembo ndiye kuti akutsata ndondomeko ina, monga ya Library of Congress, musavutike nazo ingokoperani. Kenako pitani pa desiki ndi chitupa chanu, mwina akudzazitsani fomu n'kukupatsani khadi, malo ambiri mlendo amamupatsa khadi yowerengera momwemo ngakhale sangabwereke. Perekani nambala ija pa kapepala kapena pa kompyuta, bwererani pampando mudikire. Lina limabwera posachedwa, lina limatenga ola, ndipo lina amakuuzani kuti lili kunkhokwe ya kunja kwa mzinda lifika mawa kapena mkuja, n'chifukwa chake ngati muli ndi buku lenileni lomwe mukulifuna kuli bwino kuitanitsiratu pa intaneti masiku angapo musanapite.

Likafika, makamaka ngati ndi lakale, ligwireni ngati khanda. Sambani m'manja muume bwinobwino, mafuta odzola ayi. Ambiri amaganiza kuti buku lakale limafuna magolovesi oyera koma osunga mabuku ambiri amakonda manja oyera opanda kanthu, chifukwa golovesi imachotsa kumva kwa zala nde munthu amang'amba pepala osazindikira, magolovesi amakupatsani pogwira zithunzi. Musanyambite chala potembenuza tsamba. Musalikanikize kuti litseguke kwambiri, msana wake umathyoka, ngati sililola pemphani timapilo tomwe amaika pansi pake ndi kachingwe kolemera kogwirira tsamba. Musapinde kona, musatsamire ndi chigongono, musalembe kope yanu ili pamwamba pa bukulo. Ndipo apa ndi pa pensulo paja, inki ikadontha pa pepala la zaka 200 palibe woichotsa, nde m'zipinda za mabuku osowa bolopeni saloleza n'komwe. Mukafuna kujambula tsamba funsani kaye.

Malamulowa akuoneka ochuluka koma anthu amenewa anaona zinthu. Pa 29 Epulo 1986 laibulale yaikulu ya ku Los Angeles inapsa kwa maola oposa asanu ndi awiri, mabuku pafupifupi 400,000 anatheratu ndipo ena 700,000 anaonongeka ndi utsi ndi madzi, anthu ongodzipereka ambirimbiri anabwera kudzanyamula mabuku onyowawo kukawaika m'mafiliji akuluakulu kuti asachite nkhungu, ndipo nyumbayo sinatsegulidwenso mpaka 1993. Zina zomwe zinapsa panalibe kopeza zina. Nde mlonda akakuuzani kuti botolo la madzi liikeni pansi, ingomverani.

Ngati nthawi ilipo musatuluke musanafike kuchipinda cha nyuzipepala ndi mbiri ya mzindawo, ambiri sachidziwa chifukwa chilibe denga lokongola. Pemphani nyuzipepala ya tsiku lomwe munabadwa, kapena lomwe anabadwa mayi anu. Akupatsani pa kompyuta kapena pa microfilm, kafilimu kokulunga komwe amaika pa makina okulitsa zilembo, ndipo musachite manyazi kunena kuti simudziwa kuikapo, akuonetsani. Mukayamba kupukusa muona mitu ya nkhani, malonda, mauthenga a maliro ndi maukwati, ntchito zomwe ankalengeza, ndipo ola limatha osadziwa. Chipinda cha mapu chimodzimodzi, pemphani mapu a msewu womwe mwagona a zaka 100 zapitazo muone chomwe chinalipo.

Zotsalazo mudutse mwachangu malinga ndi mphamvu zanu. Chipinda cha zionetsero chimakhala chaulele kawirikawiri ndipo ndi momwe amaika chuma chawo chenicheni m'magalasi, ku New York ali ndi Baibulo la Gutenberg, limodzi mwa mabuku oyambirira kusindikizidwa ndi makina ku Ulaya, la cha m'ma 1455, loyamba kufika ku America mu 1847. Ngati muli ndi ana pitani nawo kuchipinda chawo, kumeneko phokoso pang'ono si mlandu. Ku Boston pakati pa nyumbayo pali bwalo lopanda denga lokhala ndi kasupe komwe mungapumire n'kulankhulako. Onaninso bolodi la zochitika, madzulo kumakhala zokambirana, makalasi ndi nyimbo zaulele.

Chimodzi ndisaiwale. M'nyumba zimenezi mudzapezamo anthu omwe alibe kokhala, ali ndi zikwama zawo zonse pambali, ena akuwerenga ena akungofunda. Musawayang'ane ngati asochera, ndipo musasamuke pampando mowaonetsera. Mawu aja osema pakhomo akunenanso iwowo, ndipo ambiri a iwo nyumbayo amaidziwa kuposa wina aliyense wobwera ndi kamera.

Potuluka, buku lomwe munaitanitsa mulibweze pa desiki yomwe munalitenga. Lomwe munadzitengera pa shelefu musalibwezere nokha, liikeni pa kangolo kapena patebulo lomwe anakonzera zimenezo, chifukwa buku likaikidwa pamalo olakwika pakati pa mamiliyoni limakhala ngati latayika kwa zaka. Ngati simunamalize ndipo mawa mukadali mumzindamo, auzeni akusungireni pa dzina lanu, malo ambiri amatero kwa masiku angapo. Dziwaninso kuti kuitanitsa mabuku amasiya nthawi yotseka isanakwane, ndipo zipinda zapadera zimatseka msanga kuposa khomo lalikulu, nde zofunika kwambiri muyambe nazo m'mawa. Bwezerani mpando pamalo pake, muthokoze wa pa desiki uja, tsegulirani mlonda chikwama asanapemphe, ndipo khadi ija muisunge m'pasipoti, musanaiike onani tsiku lomwe analemba kuti idzatha ntchito.